Chaka Chimene Chiswe Chinadya Nyimbo za Bambo

Jekete ya bambo inkakhala pa msomali wautali umene anaukhomera m'mwamba, pafupi ndi denga, m'kachipinda ka kumapeto kwa nyumba yathu ku Matawale. Inali yofiirira, yong'ambika pa chigongono cha kumanja, ndipo inkanunkhira utomoni wa paini, utuchi ndi utsi wa moto wa m'nkhalango. Bambo anali aatali, motero msomaliwo kwa iwo unali pabwinobwino, koma ine, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ngakhale ndiimire zala za kumapazi ndinkangokhudza kunsi kwa thumba. M'nyengo imene ndikukumbukayi bambo anali atatisiya kale, koma jekete ija inali pomwepo, mikono ili lende, ngati kuti mwini wake wangotuluka kukasamba ndipo abwera posachedwa kudzaivala.

Bambo anali mmodzi wa amuna ocheka matabwa m'phiri la Zomba. Ankanyamuka m'mawa nkhungu isanachoke m'mitengo, makaka owiritsa, chinangwa chouma chija, ali m'kathumba, n'kukatha tsiku lonse pa dzenje lochekerapo, wina pamwamba pa chipika, wina pansi utuchi ukumugwera m'maso, sowo yaitali ikukwera ndi kutsika pakati pawo. Madzulo tinkawaona akutsika ndi anzawo mondondozana, matabwa ali pa nkhata, akuyenda kayendedwe kothamangira pang'ono kamene munthu wosenza katundu wautali amayenda kuti asagwe. Inali nthawi imene ulamuliro wa zipani zambiri unali udakali wachilendo. Amuna ankakangana za ndale pa golosale mokweza mawu, osayamba acheuka kaye ngati kale, ndipo ku sukulu tinachuluka mpaka ena tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Bambo za ndalezo analibe nazo nthawi. Mtima wawo unali pa kwaya ya ku tchalitchi kwathu, imene ankaitsogolera, ndipo nyimbo zambiri zimene kwayayo inkaimba ankapeka okha. Ankati sowo ndiyo imawapatsa kayendedwe ka nyimbo: ikakwera mawu akwera, ikatsika atsika. Akafika kunyumba, asanasambe n'komwe, ankakhala pa khonde ndi kope ndi pensulo yosongola ndi mpeni, n'kumalemba timalemba tawo ta do, re, mi, timadontho ndi timizere, mawu a nyimbo ali m'munsi. Nyimbo zina zinali za Chichewa, zina za Chilomwe, chinenero cha mayi awo amene anachokera kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ku Mozambiki. Ife ana Chilomwe tinkangomva mawu awiri atatu, makamaka otidzudzula.

Makope amenewo anafika khumi ndi anayi, ndipo ankagona m'bokosi limene bambo anakhoma okha ndi zotsalira za matabwa a paini n'kulipaka penti wobiriwira. Bokosilo silinkakhala pansi. Linkakhala pa njerwa zinayi zootcha, motalikirana ndi khoma kotero kuti dzanja linkatha kudutsa kumbuyo kwake, ndipo Loweruka lililonse bambo ankalitsegula, kuyanika makope pa mphasa panja, kusesa pansi pake n'kuwazapo phulusa. Wogwira tsache ndinali ine, choncho maphunziro onse a chiswe anagwera ine. Ankandiuza kuti paini kwa chiswe ali ngati chinangwa chophika, chimangolowa osavutika, pamene mkungudza ndi mlombwa chimalambalala. Ankandionetsa kusiyana kwa adani a thabwa. Ukapeza ufa wosalala pansi pa mpando ndi timabowo ngati ta singano, ameneyo ndi fumbwe, amadya pang'onopang'ono ndipo dzuwa limamuthamangitsa. Koma ukaona kamzere ka dothi kakukwera khoma ngati mtsempha wa pa dzanja la munthu wokalamba, chimenecho ndi chiswe, chifukwa chiswe chimaopa dzuwa ndi mphepo, ndiye chimadzifolerera msewu kulikonse kumene chikupita. Ankagogoda chitseko ndi mfundo ya chala kuti ndimve mmene thabwa lolimba limayankhira, kenako n'kukagogoda mtengo wakale wa pa khola la nkhuku, umene kunja unkaoneka wabwino koma unkalira ngati chigubu chopanda madzi. Chiswe chimadya m'kati, ankatero, khungu chimasiya kuti mwini nyumba azigona tulo. Ndipo pomaliza sankalephera kunena mwambi wawo uja wakuti chiswe chimalowa mphasa yongoimika.

Bambo anadwala miyezi yambiri, n'kumwalira anthu akukolola chimanga. Maliro atatha, achibale atabalalika, amayi analowa m'kachipinda kaja okha, anakhalamo kanthawi, ndipo potuluka anakoka chitseko n'kukulunga waya pa msomali wa pa felemu. Anatembenukira ine ndi mng'ono wanga Lusiya, amene anali ndi zaka zisanu, nati muno musalowe munthu. Kiyi wa bokosi anamumangirira pa ngodya ya mpango wawo. Kuyambira pamenepo Loweruka linasanduka tsiku ngati ena onse. Amayi anayamba geni ya zipatso. Ankakwera phiri m'mawa kukapikula masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu kwa anthu a magalimoto okwera kukaona damu la Mulunguzi. Ankabwera dzuwa litapendeka, miyendo yotupa, osafuna zolankhula zambiri. Ntchito za pakhomo zinatsalira ine: kutunga madzi, kusesa, kuzira pansi ndi dothi lakuda, kusambitsa Lusiya, kuphika nyemba za kalongonda zimene zimafuna kuzitaya madzi kambirimbiri zisanadyeke. M'nyumbamo za bambo sizinkakambidwa. Sikuti wina analetsa, koma aliyense ankaona nkhope ya amayi n'kumeza mawu.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinabwera molimba. Masiku atatu anayi phiri linkasowa, kamvula kowaza kakungogwa, zovala osauma, utsi wa m'makhitchini ukukwawa pansi. Tsiku lina lotere, nditaweruka ku sukulu, Lusiya atagona, ndinaima pa chitseko chija nthawi yaitali, kenako ndinamasula waya. M'katimo munali mdima ndi kafungo ka chinyezi, koma fungo la bambo linali momwemo ndithu. Ndinafuna kuika nkhope yanga pa chifuwa cha jekete ija, pamene ndinkaiika iwo akandinyamula, ndipo sindinafikire. Ndinayang'ana choti ndikwerepo, ndipo munalibe china koma bokosi. Ndinaligwira pa chogwirira chake cha chingwe n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Linatsetsereka pa njerwa n'kugwa pansi ndi phokoso limene ndinaganiza kuti lamveka mpaka ku msika. Ndinalikankha mpaka linagunda khoma, kunsi kwenikweni kwa msomali, ndinakwerapo, ndipo ndinalira m'jekete muja kulira kumene sindinalire pa maliro. Nditatha ndinayesa kulibwezera pa njerwa. Ndikanyamula mbali imodzi, njerwa ya mbali inayo inkagwa. Ndikakonza njerwa, bokosi linkandipulumuka n'kundipana zala. Mapepala akachuluka amalemera ngati miyala. Ndinaunjika njerwa zija pa ngodya n'kudziuza kuti mawa ndidzayesanso. Mawa lake ndinalowadi, koma kudzakwera, osati kudzanyamula, ndipo zinapitirira choncho mpaka chisanu chinatha.

Kamzere koyamba ka dothi ndinakaona mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi ndi masamba ouma m'misewu. Kanachokera pansi, pamene khoma la zidina limakumana ndi dothi lozira, n'kukwera pa nthiti ya bokosi kutalika ngati chala changa, kofiira, konyowa pang'ono kunsonga. Sindinganame kuti sindinadziwe. Mwa ana onse a ku Matawale panalibe amene anaphunzitsidwa bwino za chinthu chimenecho kuposa ine. Ndinatenga kamtengo n'kukaphwanya, ndipo munatuluka tizilombo toyera, tofewa ngati mpunga wophika, tikuthamangathamanga posowa mthunzi, pamodzi ndi agang'a awiri atatu a mitu yofiira, amene ndiwo asilikali ake, atakweza mano kufuna choluma. Ndinasesa bwinobwino, ndinabweretsa phulusa la ku khitchini m'chikhatho n'kuwazapo, ndipo ndinatuluka mtima uli m'malo, ngati ndagwira ntchito yaikulu. Patapita masiku atatu panali timizere tiwiri, kamodzi pamalo akale, kena kumbuyo kumene dzanja langa silinkafika. Ndinathirapo madzi otentha, osadziwa kuti m'chilimwe chinyezi ndicho chimene chiswe chimasakasaka. Sabata yotsatira ndinaika khutu pa chivundikiro cha bokosi ndipo ndinamva kaphokoso kochepa kwambiri, ngati munthu akuthira mchenga pa pepala. Nditagogoda, kaphokosoko kanakula mwadzidzidzi, agang'a akumenyetsa mitu kuchenjeza anzawo, kenako kunali zii.

Chimene chinkafunika chinali chaching'ono: kudikira amayi pa khonde n'kuwauza kuti m'chipinda cha bambo mwalowa chiswe. Koma mawu amenewo anali ndi mchira. Akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo ndikanayenera kuulula za waya, za njerwa, za jekete, ndi kukamba za munthu amene m'nyumbamo kumutchula kunkawawa ngati kukhudza chilonda. Sindinkaopa kukwapulidwa, pakuti amayi sanali omenya. Ndinkaopa kuona nkhope yawo ikugwa monga inagwera tsiku la maliro, wochititsa ndili ine. Choncho ndinachita zimene ana amachita, ndiponso akuluakulu ambiri monga ndaonera m'kukula kwanga: ndinakulunga waya uja molimba n'kusiya kulowamo. Ndinathawira ku masewera. Masana onse a Seputembala ndinali pa bwalo la kuseri kwa chigayo, kusewera fulaye ndi mpira wa mapepala a pulasitiki mpaka mapazi kuchita ming'alu, kudumpha jingo, kuponya phada, kuseka mokweza kuposa anzanga onse. Koma pobwerera, ndikamadutsa pa chitseko chija ndi ndowa pamutu, ndinkafulumiza miyendo, maso ali kumbali.

Mwayi womaliza unabwera mu Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, maluwa a jakaranda atayala misewu ya m'tauni. A Makwinja, amene ankaimba besi ndipo anatenga utsogoleri wa kwaya bambo atamwalira, anabwera Lamlungu masana atavala tayi ngakhale kunali kotentha chotero. Amayi anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, ine ndinakhala chapatali ndikusankha nandolo. Atatha malonje, a Makwinja ananena chimene anadzera. Makwaya a matchalitchi angapo ankayembekezeka kukumana ku Malosa nyengo ya Khirisimasi, ndipo iwo ankafuna kubwereka makope a malemu kuti aphunzitse nyimbo zimene zinali zisanaimbidwepo.

"Achimwene ankati ali ndi zina zatsopano, zisanu ndi ziwiri, za Chilomwe," anatero. "Tingokopera, alamu, makopewo tibweza ali bwinobwino."

Amayi anayang'ana pansi. "Chaka chikwane kaye, alamu. Panopa sindingathe kuona zolemba zawo."

"Ndamva ndithu. Komatu mapepala safuna kukhalitsa osapitidwa mphepo, makamaka kwathu kuno kwa chiswe."

"Musadandaule," anatero amayi. "Bokosilo lili pa njerwa. Eni ake analiika bwino."

Ndinali pomwepo, lichero pa miyendo, mawu onse ndikuwamva. Ndikukumbuka kuti ndinayang'anitsitsa kambewu kamodzi ka nandolo kofumbwa ngati kuti sindinaonepo nandolo chibadwire. A Makwinja anamwa madzi, anapemphera, anatsanzika. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo, makope ambiri akanapulumuka.

Mvula yeniyeni inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo inabwera ndi nyengo ya ngumbi, imene kwa ife ana inali chikondwerero. Dothi likangonunkhira kunyowa, tinkathamanga ndi mabeseni ndi nthambi za masamba, kupha ngumbi m'mwamba, kulimbirana ndi nkhuku, achule ndi anamzeze, ndipo m'makomo monse munkamveka fungo la ngumbi zokazinga ndi mchere. Katswiri wa ngumbi m'dera lathu anali Abiti Sumani, mayi wachiyao wamfupi, wa chipini pamphuno, amene anali ndi chulu chawo kutsidya kwa kamtsinje. Ankachifolera ndi udzu, kukumba kadzenje pambali n'kukwiriramo mphika woti ngumbi zizigweramo, ndipo zimene apeza ankagulitsa pa msika ndi kambale kakang'ono. Poyang'ana mitambo ndi timabowo tatsopano pa chulu ankadziwiratu kuti lero ziuluka kapena ayi, ndipo sankaphonya.

Tsiku lina mvula inayamba masana, n'kuwapeza Abiti Sumani pa njira, choncho anausa pa khonde lathu pamodzi ndi amayi, amene sanapite kuphiri. Itakata, dzuwa la madzulo linatuluka lachikasu, ndipo Lusiya anafuula m'nyumba mokondwa kuti ngumbi, ngumbi, zabwera zokha. Tinalowa tonse. Zinkatulukira pansi pa chitseko cha bambo ndi pa mpata wa pamwamba pake, zochuluka zosawerengeka, zikuuluka mopepera kulunjika kowala, zina zikugwa, kuthothola mapiko n'kuyamba kutsatana ziwiriziwiri. Pansi panali mbee ndi mapiko. Nkhuku zinalowa mpaka pabalaza. Lusiya ankatola akuseka, kudzaza siketi yake.

Abiti Sumani sanaseke. "Achemwali," anatero kwa amayi, "ngumbi za pa chulu ndi ndiwo, koma zotulukira m'nyumba ndi uthenga. Tsegulani chitsekochi."

Amayi anamasula waya. Chitseko chinakana, chinali chitamatidwa ndi dothi kunsi, mpaka Abiti Sumani anachikankha ndi phewa. Khoma lonse la kumene kunali bokosi linali litakutidwa ndi dothi lofiira, misewu yokula ngati mkono wa mwana ikukwera mpaka ku mapaso a denga. Bokosi linali lokwiririka theka. Jekete inali idakali pa msomali, koma phewa lake limodzi linali litamatidwa ku khoma, ndipo amayi ataigwira nsalu inatsalira m'manja mwawo. Anamasula kiyi pa mpango, koma kiyiyo sanagwire ntchito. Atangokhudza loko, chivundikiro chonse chinazuka, thabwa litatsala penti wokha ndi khungu lopyapyala ngati la anyezi. Makope apamwamba ankaoneka athunthu. Amayi ananyamula loyamba, ndipo linayoyoka pakati, m'kati muli dothi ndi tinjira, chiswe chikuyenda pamene panali mizere ya pensulo. Apansi sanalinso makope. Anali chibuma chimodzi cha dothi, timawaya tomangira mapepala tikuonekera apa ndi apo, tadzimbiri.

Amayi sanalire. Anakhala pansi pomwepo atatambasula miyendo, anandituma lichero, n'kuyamba kusankha tizidutswa ta mapepala m'dothi muja monga mmene munthu amasankhira mpunga, kalikonse kokhala ndi chilembo akukapukuta pa chitenje. Abiti Sumani anayang'ana njerwa zinayi zounjikidwa pa ngodya, anayang'ana msomali, kenako anayang'ana ine. Amayi sanafunse, tsiku limenelo kapena lina lililonse, kuti bokosi linatsika bwanji pa njerwa zake. Kukanakhala bwino akanandikwapula.

M'mawa mwake amuna a m'kwaya anabwera ndi makasu ndi piki. Abiti Sumani ndiwo ankawalozera pokumba, akugogoda pansi ndi chidendene n'kumamvetsera. Anakumba m'chipindamo kufika m'chiuno, ndipo anapeza chitsa cha mtengo chimene omanga nyumba anachikwirira osachizula, chitasanduka mudzi wa chiswe, zipinda zake zokhala ngati zisa za njuchi koma zotuwa ndi zofunda pozikhudza. Pakati penipeni, m'kachipinda kolimba ngati mphika wootcha, munali mayi wa chiswe chonsecho, chinthu choyera, chonenepa kuposa chala chachikulu cha mwamuna, chosatha kuyenda, mimba yokha ikupuma. Abiti Sumani anatiuza kuti onse aja, antchito, agang'a ndi ngumbi, amabadwa kwa ameneyu, ndipo kuti ukamaphwanya misewu yokha iye ali moyo, uli ngati munthu wosadza nthambi n'kumati wagwetsa mtengo. Anatinso mudzi wa chiswe sutulutsa ngumbi usanakhwime zaka zingapo, ndiye kuti chinalipo pansi pathu kuyambira kale, bambo ali moyo, chikungodikira chinthu chimene chingakhale phee n'kukhudza dothi. Chiswe chikaboola chikwa chayambira patali, anatero, ndipo ndikuganiza kuti ankanenera ine kuti mtima wanga upepuke. Sunapepuke. Mapaso awiri anawasintha, atsopanowo anawapaka oyilo wakuda wa ku galaja, dzenje analikwirira ndi phulusa ndi dothi louma, ndipo fungo la oyiloyo linakhala m'nyumba mpaka mvula inatha.

Pa makope khumi ndi anayi, amayi anapulumutsa masamba osakwana makumi atatu, ambiri odyedwa m'mbali. A Makwinja anachita zimene akanatha. Kwa masabata angapo ankasonkhanitsa a kwaya pa khonde lathu, aliyense akuimba mawu ake momwe ankakumbukirira, amayi a sopulano akukangana ndi a alito, iwo akulemba. Nyimbo zimene zinkaimbidwa kawirikawiri zinabwerera, mwina khumi ndi ziwiri. Zimene zinaimbidwa kamodzi kapena kawiri zaka za m'mbuyo zinabwerera zopunduka, ina yopanda ndime yachiwiri, ina aliyense ndi mathero ake. Zisanu ndi ziwiri za Chilomwe zija panalibe amene anazimvapo, kupatula mnzawo wa bambo wa pa sowo amene anali atabwerera kwawo ku Mozambiki osasiya keyala. Zimenezo zinapita zonse. Panatsala tsamba limodzi lokhala ndi mizere itatu yoyamba ya nyimbo imodzi. Ku Malosa kwaya inapita ndi nyimbo za m'buku.

Ndinaulula patapita zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinali nditakwatiwa, ndili ndi ana awiri, ndipo ndinabwera kudzaona amayi, amene maso anali atayamba kuwavuta. Tinakhala pa khonde tikusenda chinangwa, ndipo ndinangoyamba, osakonzekera, kuchokera pa waya mpaka pa tsiku la a Makwinja. Anamvetsera osasiya mpeni.

"Ndinkadziwa kuti umalowa," anatero nditamaliza. "Waya uja ine ndinakulunga chakumanja. Iwe unkakulunga chakumanzere."

"Nanga bwanji simunandifunse, amayi?"

"Ndikanakufunsa, bwenzi nditalowamo. Ine ndinkakusirira, mwanawe, kuti iwe ukutha kulowamo." Anatenga chinangwa china m'dengu. "Dothi pansi pa chitseko ndinaliona inenso, a Makwinja asanabwere. Ndinadziuza kuti ndi la kuzira kwako. Koma ndinkadziwa kuti dothi lozirira ndi lakuda."

Tinapitiriza kusenda chinangwa mpaka dengu linatha. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndikadzaulula katundu adzatsika, koma chimene ndinapeza n'chakuti tinali awiri pa katundu mmodzi, m'nyumba imodzi, aliyense akubisira mnzake poganiza kuti akumuteteza. Sindimuimba mlandu mtsikana uja wa zaka khumi ndi chimodzi, kapena mayi wamasiye amene ankakwera phiri tsiku ndi tsiku kuti tidye. Koma kukhululukirana sikubweza chimene chadyedwa. Amayi anamwalira, a Makwinja nawonso, ndipo ku tchalitchi kuja tsopano kuli kiyibodi ndi zokuzira mawu. Achinyamata amaimba bwino, koma sadziwa kuti nyimbo ziwiri zimene amaimba pa maliro zinapekedwa ndi munthu wa pa mudzi pomwepo. Tsamba la Chilomwe lija lili ndi ine, m'chitini cha mabisiketi chotsekeka bwino. Chaka chatha ndinapita nalo kwa aphunzitsi ena opuma pa ntchito, odziwa kuwerenga Chilomwe, kuti andimasulire. Anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono pensulo yofufutikayo, nati ndi pemphero la munthu amene akudziwa kuti pa matenda ake sadzachira. Mzere woyamba akuthokoza, wachiwiri akuti saopa njira, wachitatu akuti koma ana angawa, Ambuye, ndikukupemphani kuti, ndipo pamenepo aphunzitsi aja anaima. Anatembenuza pepala kufuna mawu otsatira, anaona m'mphepete modyedwa muja, n'kundibwezera ndi manja awiri. Chimene bambo ankatipempherera, ine ndi Lusiya sitidzachidziwa.